Chitini cha Pamwamba pa Kabati

Chinali chaka cha 2023, mwezi wa Disembala. Ndinali ndi zaka 72. Kufikira nthawi imeneyo ndinali ndisanaphikepo china chilichonse kupatula tiyi, phala ndi nsomba yootcha.

Ntchito yanga ndi yokhoma maboti. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6 ku mishoni. Zina zonse ndinaphunzira ndi manja. Sindigwira ntchito mongoyerekeza, ndipo sindikonda kufunsa kawiri.

Timakhala kuvuma kwa nyanja, kumtunda kwa Malindi. M'nyumba tilimo atatu: ine, akazi anga, ndi mdzukulu wathu wamkazi. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu. Mayi ake anamwalira iye akadali kumsana. Bambo ake, amene ndi mwana wathu wachiwiri, ali ku Joni. Tsiku lonyamuka anamuika mwanayo pamiyendo panga n'kunena kuti, "Bambo, ndilibenso china."

Sabata ya nkhaniyi akazi anga anakwera ku Namwera. Mwana wathu wotsiriza anakwatiwa kumeneko, ndipo masiku ake ochira anali atakwana. Ankafuna kumutenga mdzukuluyo. Ndinakana. Ndinati kunyumba ya eni, munthu akudikira mwana, sikupita ana ongosokoneza.

"Mumusamala bwanji?" anandifunsa.

"Monga mmene mumamusamalira inu."

Anandiyang'ana, anamanga katundu wawo, n'kupita.

Nyumba yoyandikana nafe ndi ya mnzanga wakalekale, msodzi wopuma, Myao, munthu wosaphonya swala, mapemphero a Chisilamu. Takhala tikusewera bawo zaka zoposa makumi atatu. Iwo amanditcha "a Mishoni". Ine ndimawatcha "a Shehe", ngakhale si shehe. Akazi awo anabwera tsiku loyamba lomwelo kudzanena kuti mwanayo azikadya kwawo. Ndinathokoza, n'kukana. Masiku anayi tinadya phala, mbatata ndi usipa. Mwana sanadandaule.

Loweruka m'mawa ndinamupeza atakhala pafupi ndi mbaula yozima.

"Agogo, lero ndi Loweruka."

"Ndikudziwa."

"Loweruka agogo aakazi amaphika masikono a mango."

"Agogo aakazi kulibe."

Sanalire. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti, "Ndiye ndikawauze akazi a Shehe. Iwo amatha. Inu simutha."

Ndinamuuza kuti akhale pomwepo.

Pakhomo pathu pali mtengo wa maboloma, mango aakulu opanda ulusi. Nyengo yake ikafika, akazi anga amadula mangowo tizidutswa n'kuika m'masikono. Ndinawaonapo akuchita zimenezi kambirimbiri, ndili pakhonde. Ndinkaona ngati ndi ntchito yochepa.

Ndinawaimbira foni. Mudzi umene anali uli pafupi ndi malire, ndipo foni imati ikagwira kuno, pang'ono yathawira ku Mozambiki. Ndinawapeza mwamwayi.

"Mukufuna kuphika chiyani?"

"Mwamva kale. Nenani miyezo."

"Bambo, musiyeni mwana akadye kwa aneba."

"Miyezo, mayi."

Anapuma mwamphamvu, n'kuyamba. Fulawa makapu anayi, wosefa. Majarini masipuni aakulu anayi. Shuga theka la kapu, chifukwa mango ali ndi shuga wawo. Kamchere. Mazira awiri. Mkaka pang'ono, osati wambiri, mango atulutsa madzi. Osakanda ngati mandasi, kungosonkhanitsa. Ndinkalemba ndi pensulo ya ntchito pa kathabwa.

"Ndiye pawudala masipuni atatu a tiyi. Musaiwale, ndi amene amafufumitsa."

"Ali pati?"

"Ali m'ch..."

Foni inaduka. Ndinaimbanso kawiri. Kunkayankha mawu ojambulidwa a mayi wa Chipwitikizi. Ndinaika foni m'thumba. Ndinati nyumba ndi yanga, pawudala sangandisowe.

Ndinayang'ana m'kabati, munalibe. Pa shelefu panalibe. Nditakwera pa mpando ndinaona chitini chofiira pamwamba pa kabati, pambali pa simbi yositira. Chinali ndi chithunzi cha keke. Zilembo zake ndinaziwerenga bwinobwino, zinali za pawudala wophikira. Nditatsegula ndinapeza ufa woyera mbee pansi pake. Ndinayeza. Anakwana masipuni atatu ndendende, osatsalako. Ndinakondwera nazo. Kununkhiza sindinayese n'komwe. Mphuno zanga zinafa kalekale ndi fodya ndi phula la maboti.

Ndinasefa fulawa m'beseni, n'kuthiramo ufa uja, shuga ndi mchere. Majarini ndinafikisa ndi zala mpaka zonse zinaoneka ngati mchenga wonyowa. Mango ndinathyola atatu, opsa koma olimba. Ndinasenda, n'kudula tizidutswa tofanana, ngati nsonga ya chala chaching'ono. Mdzukulu ankayang'anira ngati kapitawo.

"Agogo aakazi sayeza choncho."

"Ndi chifukwa chake ena amakula, ena amachepa."

Ndinaswera mazira, ndinathira mkaka, ndinaika mango. Zinayamba kumata m'manja. Ndinawonjezera fulawa pang'ono, n'kuyala patebulo, kunenepa kwake zala ziwiri. Chodulira sindinachipeze. Ndinatenga chitini chofiira chija, ndinachitsuka ndi sopo ndi mchenga mpaka kuwala, n'kudulira. Anatuluka masikono 18.

Uvuni tilibe. Akazi anga amathira mchenga wa kunyanja m'sefuliya yaikulu, amaika mbale yachitsulo pamwamba pa mchengawo, amavundikira ndi chidutswa cha lata, ndipo makala ena amaika pa latapo, kuti moto ukhale pansi ndi pamwamba. Ndinachita chimodzimodzi. Koma moto wapansi ndinachulutsa. Asanu ndi imodzi oyamba anapserera kunsi mpaka kuda bii. Ndinawanyenya n'kuponyera nkhuku. Tinali nazo zinayi, zonse zazikazi, ziwiri zikuikira. Zinatha zonse.

Ulendo wachiwiri ndinapungula makala. Wachitatunso. Awa anapsa bwino, ofiirira pamwamba, mango akuonekera achikasu m'mbali. Koma sanafufume. Mmene analowera ndi mmene anatulukira.

Mdzukulu analuma imodzi, n'kutafuna nthawi yaitali.

"Ndi yolimba."

"Ndi yokhutitsa."

Anamaliza, n'kutenga yachiwiri. Ine ndinadya imodzi ndi tiyi. Kukoma inkakoma. Kulemera kwake ndiye kunali kwina.

A Shehe anabwera atatha swala ya masana, bawo lili kukhwapa. Ndinawaikira mbale patsogolo.

"Alamu abwera?"

"Ayi."

"Nanga izi?"

"Ndaphika ine."

Anatola imodzi, anaiyeza m'dzanja, n'kuigogoda pa bawo.

"A Mishoni, izi musadye. Tikamangirire ku ukonde, miyala ikusowa."

"Ngati simukufuna, bwezani."

"Ndani wanena kuti sindikufuna? Mulibe za nkhumba umu?"

"Zaka zonsezi munayamba mwaonapo nkhumba pakhomo pano?"

"Ndimafunsa poti wophika ndi watsopano."

Anati Bisimilahi, n'kudya. Anadya atatu. Tinayamba kusewera. Mdzukulu anali pa mkeka, akusewera ndi njere za mango.

Tili pakati pa masewero a Shehe anayamba kudandaula za chimanga chawo. Anati matumba awiri otsala alowa anankafumbwe, usiku amachita kumveka akutafuna.

"Paja mu Juni munatsaza mankhwala aja a ufa," anatero. "Alipobe? Mundigawireko."

"Alipo," ndinatero. "Pepala lake linang'ambika, ndiye ndinawathira m'chitini. Ndinaika pamwamba pa..."

Sindinamalize.

Mu Juni, nditatha kuthira mankhwala m'chimanga chathu, anatsala pang'ono. Ndinatola chitini chopanda kanthu pa shelefu ya akazi anga, chofiira, cha chithunzi cha keke. Ndinathiramo mankhwalawo. Ndinachiika pamwamba pa kabati kuti mwana asachifikire. Sindinauze munthu. Kenako ndinaiwala.

Ndinalowa m'nyumba, ndinakwera pa mpando. Pamwamba pa kabati panali simbi ndi fumbi. Chitini china panalibe.

Ndinatsika. Nditatuluka ndinapeza mwana akuimba kanyimbo kake, zinyenyeswa zili pachibwano.

"A Shehe," ndinatero, "mankhwala aja tadya."

Anandiyang'ana, anayang'ana mbale, anayang'ana mwana. Kuseka kunachoka pankhope pawo. Anaitana akazi awo ndi mawu amene sindinawamvepo.

Mayiwo anabwera akuthamanga. Nditawafotokozera anafunsa chitini kuti anunkhize. Ndinawapatsa. Chinkanunkhira sopo. Ananunkhiza sikono, anati akumva mango ndi utsi, koma sangalumbire. Ndinaimbira akazi anga. Kunayankha mayi wa Chipwitikizi uja. Ndinaimba kasanu.

Mayiwo anasungunula mchere m'kapu n'kumumwetsa mwana. Mwana analira, anamenya kapu, kenako anasanza. Atasanza anafooka, n'kugona pamiyendo pawo. Apo ndinati basi, zayamba.

A Shehe anathamangira kumsewu kukaimitsa njinga yamoto. Ine ndinatenga masikono asanu ndi imodzi otsala n'kukaponya m'chimbudzi. Kenako ndinawauza mayiwo zochita.

"Fulawa yense wotsala mutaye, ndamugwira ndi manja omwewa. Beseni, sefa ndi mbale muponye m'chimbudzi. Nkhuku zadya zopserera. Muziphe zonse, muzikwirire mozama. Munthu asadye, galu asafukule."

"Alamu, tidikire kaye timve za kuchipatala."

"Zikafera m'tchire, mwana wa munthu n'kutola? Chitani zimene ndanena."

Tinakwera anayi pa njinga imodzi: woyendetsa, mwana, ine, a Shehe kumbuyo. Msewu unali woipa ndi mvula ya sabata imeneyo. Mwana ndinamugwira pachifuwa ndi dzanja limodzi kuti ndizimva mtima wake. A Shehe ankanong'ona mapemphero m'khutu langa. Sindinawaletse.

Pa chipatala chaching'ono cha m'dera lathu tinapeza mzere. Sindinayambe ndadumphapo mzere moyo wanga wonse. Tsiku limenelo ndinadumpha. Adokotala anali mayi wachitsikana, wamng'ono kuposa mwana wanga wotsiriza. Anatuluka pakhomo, anthu onse akumva.

"Mwana wamwa chiyani, agogo?"

"Sanamwe. Wadya."

"Wadya chiyani?"

"Masikono."

"Ogula kuti?"

"Ophika kunyumba."

"Anaphika ndani?"

"Ine."

Wina pa benchi anaseka. Ndinapitiriza.

"Ndathiramo mankhwala a chimanga. Ndimayesa pawudala."

Kuseka kunatha. Mayi wina wa mwana kumsana anafunsa mnzake, mokweza ndithu, kuti, "Mwangozi, kapena?"

A Shehe anatembenuka. "Mayi, tsekani pakamwa. Munthuyu wadyanso yekha. Inenso ndadya atatu. Mukuona ngati ine ndili ndi chuma choti andiphere?"

Adokotala anatilowetsa. Anamugoneka mwana, anamuunika m'maso ndi tochi, anamvetsera pachifuwa, anagwira pamkono, anayang'ana m'kamwa. Anachita chimodzimodzi kwa ife awiri. Anafunsa nthawi imene tinadya, ndi kuchuluka kwa ufawo. Ndinawayankha ndendende.

"Chitini mwabwera nacho?"

"Ndinatsuka."

"Sikono yotsala?"

"Ndataya m'chimbudzi."

Anatseka maso pang'ono.

"Ndiye mwanditayira zonse zoti ndionere. Nanga wasanza bwanji mwanayu?"

Ndinanena za mchere.

Apo anandikalipira. Anati munthu akadya mankhwala sasanzitsidwa ndi mchere, amathamangitsidwa kuchipatala, chifukwa mcherewo pawokha ungathe kupweteka mwana. Anati mankhwala saikidwa m'chitini cha chakudya, ngakhale tsiku limodzi. Anati munthu wamkulu ngati ine ndinayenera kudziwa. Chimwalirireni bambo anga panalibe munthu anandiyankhulapo choncho. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Ndamva, adokotala."

Kenako anatsitsa mawu. Anati pakadali pano sakuona chizindikiro. Maso ali bwino, chifuwa chili bwino, dovu palibe. Koma tisachoke. Tikhale mpaka madzulo, iwo azibwera kudzationa. Mwana akayamba kutuluka dovu, kunjenjemera kapena kubanika, ndifuule.

Anatipatsa bedi limodzi. Mwana anagona. Ine ndinakhala m'mbali mwake. A Shehe anakhala pa mpando.

Maola amenewo sindiwafunira munthu. Kunkatentha, monga kumatenthera mu Disembala mvula ikamakonzeka. Mwana anayamba thukuta pamphumi. Ndinaitana adokotala. Anabwera, anamuona, anati ndi kutentha, onani inunso mwanyowa. Mwana anagwedeza mwendo kutulo. Ndinaitananso. Anabweranso. Kachitatu ndinachita manyazi, koma ndinaitanabe. Sanakwiye.

Ndinkaganiza za mwana wanga ku Joni. Ndinkakonza mawu oti ndimuuze. Ndinayesa njira zingapo, zonse zinkathera pamodzi: unandisiyira mmodzi, ndamudyetsa ndi dzanja langa, chifukwa sindinafune kuti akadye kwa aneba.

M'mimba mwa a Shehe munkalira ngati injini ya boti.

"Mukumva bwanji?" ndinafunsa.

"Ndikumva ngati ndameza nangula. Koma zimenezo ndinayamba kumva ndisanadziwe za mankhwala."

"Musaseke."

"Ndikapanda kuseka nditani? Tamverani, a Mishoni. Ndikafa, bawo lija mutenge. Koma mukawauze anthu zoona, kuti ndafa ndikukutsogolerani."

"Simufa."

"Inshallah. Mwanayunso safa. Tamuonani mmene akupumira."

Nthawi ya swala ya madzulo itakwana anapita pa mpope kukasamba m'manja ndi kumapazi, anayala mpango wawo pakona, n'kuswali. Atamaliza anati, "Ndakupemphereraniko, ngakhale simunandipemphe." Ndinati zikomo. Ine mapemphero anga onse anali atathawa. Ndinkangonena mumtima kuti, tengani ine.

Mwana anadzuka cha m'ma folo. Anayang'ana denga, anayang'ana ine.

"Agogo, ndili ndi njala."

"Pirira."

"Masikono aja atsala?"

A Shehe anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedera.

Itangodutsa faifi koloko foni inalira. Inali nambala ya mkamwini wathu wa ku Namwera. Nditayankha ndinamva akazi anga, mawu ali m'mwamba.

"Bambo! Wachira! Mwana wamwamuna, wonenepa. Tili kuchipatala, kuno foni ikugwira."

Ndinayang'ana mwana pa bedi.

"Mukundimva? Bwanji muli chete? Mwana ali kuti?"

"Ali pano. Nafenso tili kuchipatala."

"Chachitika n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, mwadongosolo, osadzichepetsera mlandu. Za Juni, za chitini, za masipuni atatu, za mchere. Anamvetsera osandidula, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Chitini chake munachitenga pati?"

"Pamwamba pa kabati."

"Pambali pa simbi?"

"Eya."

"Chofiira, chivindikiro chake chopindika pang'ono?"

"Chomwecho."

Kenako ndinamva ngati akulira. Sankalira.

"Bambo, mwaphika sitachi wa malaya anu."

"Mwati chiyani?"

"Sitachi! Wa chinangwa! Amene ndimaumitsira kolala ya malaya anu a kutchalitchi. Mwadyetsa mwana ndi a Shehe chinangwa."

"Nanga mankhwala aja?"

"Ndinawapeza mu Julaye ndikusesa. Nditangotsegula, fungo lake mpaka kuyetsemula. Ndinakaponya m'chimbudzi ndi chitini chake chomwe. Icho mwatengacho ndi china. Zitini zotere ndili nazo zambiri."

"Mukunena zoona?"

"Ndinganame pa mwana?"

Ndinakhala pansi, pa simenti. Mpando unalipo koma sindinauone.

"Bwanji simunandiuze kuti mwataya?"

"Inu munandiuza kuti mwaika?"

Anapitiriza.

"Komanso ndikanakuuzani, mukananena kuti ndawononga mankhwala. Sabata yonse mukanakhala osandiyankhula. Ndikunama?"

Sankanama.

"Pawudala ali m'chidebe cha fulawa, pansi, m'botolo lomanga m'jumbo. Chinyontho cha kunyanja chimamupha akakhala m'chitini. Ndimati ndikuuzeni, foni inaduka. Mpatseni mwana ndimve mawu ake."

Ndinamupatsa. Mwana anawauza kuti agogo aamuna aphika masikono olimba, akazi a Shehe amumwetsa mchere, ndipo wakwera njinga yamoto. Mwa zonsezo chimene chinamusangalatsa chinali njinga.

A Shehe anali atamva zonse. Anati Alihamudulilahi katatu, akusisita nkhope ndi manja. Kenako anandiyang'ana.

"Ndiye kuti m'mimba mwanga muno mwaumitsidwa ngati kolala?"

"Zikuoneka choncho."

"Ndingofunika kusita basi."

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kusiya. A Shehe anaimirira pakati pa ine ndi chitseko kuti anthu a pa benchi asandione.

Adokotala atamva anagwira pakamwa. Komabe anatiunikanso tonse atatu, n'kutisunga ola lina. Anati za pa foni azimva, koma iwo amakhulupirira maso a mwana. Potuluka anandiuza kuti, "Agogo, mwachita bwino kubwera msanga. Ena amabisa chifukwa cha manyazi, amabwera mochedwa." Ndinavala chipewa.

Tinafika kunyumba kukuda. Akazi a Shehe ndi munthu wogwira ntchito mosanyinyirika. Zonse ndinalamula anali atachita. Nkhuku zinali pansi kuseri kwa khola, pamwamba atapsinjapo miyala. Titawauza za sitachi anakhala pa khonde, n'kunena kuti, "Ndinanena kuti tidikire." Ndinati, "Munanena." Madzulo amenewo mwana anakadya kwawo. Inenso ndinakadya komweko.

M'mawa mwake, nditabwerako ku tchalitchi, ndinaimbira mwana wanga ku Joni. Akazi anga pa foni anati palibe chifukwa chomuuzira, poti palibe chachitika. Ine ndinati chachitika. Ndinamuuza ndekha. Atamva zonse anafunsa ngati mwana ali pafupi. Anayankhulana. Pomaliza anati, "Bambo, musamaphike." Ndinati ndaganizapo kale.

Akazi anga anabwera patatha masabata awiri. Sanandiseke pamaso. Ndikudziwa kuti kwa akazi a Shehe anaseka mokwanira, chifukwa mipanda yathu ndi ya bango. Anandionetsa botolo la pawudala. Linali litapulumuka, chifukwa akazi a Shehe potaya fulawa analipeza n'kuliika padera. Anandionetsanso mmene amapangira sitachi: kupala chinangwa, kufinya m'nsalu, kudikira kuti madzi adeke, kutsanula, n'kuyanika zoyera zotsala pansi. Amachita zimenezi chikwatiraneni. Ine ndinkayesa kolala imauma ndi simbi yokha.

Maboloma anali atatsala ochepa m'mtengo. Loweruka lotsatira ndinawauza kuti akhale pa mpando, asagwire kanthu, azingonena. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anakhala. Anati majarini ndimafikisa mwamphamvu ngati ndikupala thabwa. Anati mango ndiyambe ndawagudubuza m'fulawa wouma kuti asamate. Anati lata ndisamavundukule pafupipafupi. Ndinamvera. Masikono anafufuma, anang'ambika m'mbali, nthunzi ikununkhira mpaka mwana anachita kuvina. Ine fungo sindinalimve, koma ndinaona. A Shehe tinawatumizira anayi. Anabweza mbale ndi uthenga woti awa ndi a alamu, ndisawanamize. Sindinapite kukatsutsa.

Chiphikireni tsiku limenelo sindinaphikenso. Ndinatenga penti wa maboti n'kulemba pa chitini chilichonse cha m'nyumba muno dzina la zimene zili m'kati. Mankhwala a chimanga tsopano amakhala m'bokosi la zida zanga, lokiya, m'pepala lake lomwe.

Zimene zinatayika pa Loweruka loyamba lija ndi izi. Fulawa makilogalamu awiri ndi theka. Mazira awiri. Mango atatu. Masikono 12, opserera ndi a m'chimbudzi. Sitachi masipuni atatu, moti Lamulungu ziwiri ndinapita ku tchalitchi kolala ili lende. Beseni limodzi, sefa imodzi, mbale yachitsulo imodzi. Nkhuku zinayi, ziwiri zoikira, zopanda mlandu uliwonse. Anthu, palibe.